Bokosi la Malemu Stélio

Tsiku lomaliza limene Lonjezani anaona mkulu wake Stélio ali moyo, anali pamsewu wa ku Cassacatiza akudikira chapa, minibasi yobwerera kusukulu ku Tete. Stélio anamuperekeza atabereka bokosi lake kumsana ngati mwana, chala chimodzi atachikulunga kansanza chifukwa anapsa powotcherera mawaya.

"Batani lakumapetoli ndi lako," anatero Stélio. "Ukabwera patchuthi udzalidine wekha."

Tchuthi chisanafike, njinga yamoto imene Stélio anakwera pochokera ku ukwati inawombana ndi lole. Lonjezani anabwera kumaliro, ndipo kusukulu sanabwererenso. Womulipirira anali m'manda, mtima wowerenga nawo unali momwemo.

Bokosilo Stélio ankalitcha kontroladori. Analipanga yekha atatopa n'kusakasaka labwino m'masitolo a ku Tete, kumene lililonse linali la mtengo wa ng'ombe. Thabwa anadula ku chitseko chakale cha bambo awo, mabatani anachotsa pa makina a masewera owonongeka, zopotokola anazula pa mawailesi akufa. Akalilumikiza ku komputa yake yong'aluka, yomangidwa ndi mphira, ankavinitsa maukwati kuyambira ku Mualadzi mpaka ku Nsadzo. Koma palokha bokosilo silitulutsa ngakhale kulira kwa udzudzu. Nyimbo zimakhala mu komputa, bokosi limangolamula.

Maliro atatha, mayi wawo, a Ernestina, anafunditsa bokosilo chitenje, poti katundu wa malemu sagwidwa mpaka tsiku lomanga chiliza. Lonjezani ankaliyang'ana m'mawa uliwonse, batani lake lili pansi pa nsalu, iye manja ali m'thumba.

Zimene zinapanganidwa ku baraka ya mowa ya a Marlene, Lonjezani anazimva pambuyo pake kwa eni akewo, mayi amene makutu awo amagwira ntchito kuposa manja. Amuna atatu anazungulira chigubu cha kabanga. Woyamba anali Barnaba, wotchedwa Komandanti chifukwa cha chipewa cha usilikali chogula pa kaunjika, ngakhale nkhondo imene anamenyapo inali yolimbana ndi tambala wa apongozi ake, ndipo anagonja. Wachiwiri anali Boston, wokulira ku Zambia, amene anadzipatsa dzina loti Injiniya atakonza tochi posintha mabatire. Wachitatu anali Timóteo, wotchedwa Kamphepo, waliwiro loopsa makamaka akaona khasu.

"Amuna anzanga," anayamba Komandanti, "chuma chafunda chitenje kwa a Ernestina, ife tili pano kumwa zosasa. Tikatenge bokosi lija, maukwati onse a Chifunde akhale athu."

"Nyimbo zonse zili m'katimo," anatero Injiniya. "Ndinkaona ndi maso angawa. Akadina apa, ng'oma. Akadina apo, mkazi akuimba."

"Nanga komputa ija?" anafunsa Kamphepo.

Injiniya anayankha: "Ija ndi tochi chabe, aise. Ankaunikira mabatani kukada. Sukulu unalekera pati iwe?"

Kamphepo anachita manyazi n'kumwera funso lakelo.

Lamlungu m'mawa, mudzi wonse uli kutchalitchi, akatswiri athu analowera pawindo, ngakhale chitseko chinali chongotsekedwa ndi kamtengo. Komandanti anang'ambitsa buluku pamsomali. Komputa anaikankhira pambali ngati mbale yakuda, bokosi n'kulinyamula. Pansi pa chitenje anasanjapo njerwa ziwiri.

"Palibe adzadziwe mpaka chiliza," anatero Komandanti. "Mwambo ukutilondera."

Lonjezani anadziwa atangolowa m'nyumba. Munthu amene wayang'ana chinthu miyezi yonseyo sanganamizidwe ndi njerwa. Anavundukula chitenje, anakhala pansi, osalira. Mawu amene mkulu wake anamusungira analipo ndithu mu komputa, koma anali pakati pa mafayilo ambirimbiri opanda mayina. Lodziwa njira yopita kwa iwo linali batani lija lokha.

Uko mbava zinapaka bokosi lonse penti wobiriwira wotsala pachitseko cha baraka, n'kulengeza kuti Chifunde walandira oimbitsa atsopano. Banja lina la ku Nsadzo linawakhulupirira. Tsiku la ukwati Injiniya anamangirira chingwe cha bokosi ku waya wa sipika ndi luzi. Mkwatibwi anaima pakhomo, phazi lili m'mwamba, kudikira nyimbo yolowera. Komandanti anadina batani. Zii. Anadina lina. Zii. Anadina onse ndi chikhatho, kenako ndi chibakera.

"Lazizidwa," anatero Injiniya. "Tiliike padzuwa litenge mphamvu."

Analiyanika ngati chinangwa. Mkwatibwi anatsitsa phazi, azakhali ake anakweza masache. Kamphepo anafika ku Mualadzi anzake asanadutse n'komwe dimba loyamba.

M'mawa mwake atatuwo anapita ndi bokosilo kwa wokonza mafoni wina wa ku Cassacatiza. Munthuyo analitembenuza, n'kuwayang'ana ngati mbuzi zolowa m'kalasi.

"Ichi n'chiwongolero, galimoto mwaisiya kuti? Chimafuna komputa yokhala ndi nyimbo zake. Dera lino ilipo imodzi yokha, kwa mng'ono wake wa malemu Stélio."

Munthu wanzeru akanaponya bokosilo m'chimbudzi n'kukalapa. Koma Komandanti anakhwimitsa chipewa.

"Tikabwereka komputayo. Penti wabisa zonse. Tikanena kuti tagula ku Zambia."

"Kwa mwini wake?" anafunsa Kamphepo.

"Ndiye nzeru yakeyo. Ndani angaganize kuti wakuba angabwerere?"

Anasankha Lachinayi masana, tsiku limene amayi a mpingo amasonkhana pabwalo la a Ernestina kupemphera. Anadutsa pakati pawo akuwomba m'manja mwaulemu, bokosi lili m'thumba la feteleza, n'kumupeza Lonjezani pakhonde.

"Achimwene, pepani ndi zovuta zija," anatero Komandanti. "Ife tagula kachipangizo ku Zambia, koma kakuchita manyazi. Mungatiyesereko pa tochi yanu ija?"

"Pa komputa," anamukonza Injiniya, amene tsopano anali ataphunzira.

Lonjezani analandira bokosilo. Pansi pa penti panaoneka bowo pamene panali loko wa chitseko cha bambo ake. Chopotokola chapakati chinali cha wailesi ya amayi ake. Anafuna kumuphwanya Barnaba mutu ndi thabwa lomwelo, koma thabwalo linali lamtengo wapatali kuposa mutuwo.

"Ku Zambia amapanga zokongola," anatero. "Khalani pansi, akuluakulu."

Anatulutsa komputa, batire la sola ndi sipika, n'kulumikiza zonse. Mwambo anali atauswa kale ena, iye anangotola zidutswa. Ndipo anakumbukira zimene Stélio anamuuza tsiku lina akuseka mpaka misozi: Barnaba akaledzera paukwati ankakonda kugwiragwira bokosi, choncho Stélio anamukonzera msampha pabatani loyamba lakumanzere. Imfa inafika msamphawo usanagwire.

Lonjezani anakweza sipika mpaka pamapeto.

"Katundu ndi wanu, a Komandanti. Yambani ndi lakumanzerelo."

Komandanti anapukuta chala pamalaya, anayang'ana anzake monyada, n'kudina.

"Barnaba," anatero mawu a Stélio, omveka mpaka kuchitsime. "Chotsa zala zako pabokosi langa. Ndikukuona."

Pemphero la amayi linadukira pakati. Chipewa cha usilikali chinagwa chokha. Komandanti anagwada, chala chikadali pabatani pomwepo, ndipo chinadinanso.

"Barnaba. Chotsa zala zako."

"Ndachotsa, achimwene, ndachotsa!" analira Komandanti akuyang'ana kudenga. "Nzeru inali ya Boston. Njerwa anaika ndi Timóteo. Ine ndinangolowa pawindo, ndipo buluku langa linang'ambika, ndalangidwa kale."

"Bodza, a malemu," anatero Injiniya, nayenso atagwada. "Ine ndinangopaka penti. Ndipala ndi zikhadabo zanga."

Kamphepo sanadikire mlandu. Anadumpha khonde, anadumpha mphasa, n'kugwera m'khola la nkhumba, mmene amayi awiri a mpingo anamutulutsa atamugwira makutu. A Ernestina anaimirira pang'onopang'ono, nkhope itanyowa, chifukwa anali asanamve mawu a mwana wawo chimuikireni m'manda. Anayang'ana amuna atatuwo.

"Mwamudzutsa mwana wanga kuti adzalankhule ndi zitsiru," anatero. "Amayi, tiyeni tiwaperekeze."

Anawaperekezadi kupolisi, atawamanga ndi zitenje m'chiuno, akuimba nyimbo ya kulapa njira yonse. Komandanti ankaimba nawo mokweza kuposa onse.

Bwalo litatsala lokha, Lonjezani anakhala ndi bokosi pamiyendo. Anapala penti pabatani lakumapeto ndi chikhadabo, anatsitsa sipika kuti asamve wina aliyense, n'kudina.

"Lonje, wafika bwino? Uziwerenga kumeneko, mwana wa amayi. Nyimbo iyi ndayamba ine, udzamaliza iwe."

Ng'oma inagunda pang'ono, kenako inaleka. Pa komputa panaoneka tsiku limene mawuwo anajambulidwa, lomwe lija la pamsewu podikira chapa: 9 Juni 2024.