Mmene Ndinapukutira Kafukufuku wa Tadala

Mpaka lero mlongo wanga salola kuti ndimunyamulire ngakhale thumba la mchere, ndipo sindimudandaula.

Mwana wake, Tadala, amaphunzira sayansi kunja. Chaka chatha anabwera kuchinkhoswe cha mng'ono wake ku Lirangwe, ndiye ine monga malume ndinakamuchingamira pabwalo la ndege la Chileka. Ndinavala jekete mu Okutobala muja (ndinaphunzitsapo sayansi kupulaimale, ndiye asayansi awiri tikamakumana pamafunika ulemu).

M'galimoto anafungatira kabokosi kokutidwa ndi pepala lasiliva.

"Ndi makeke?" ndinafunsa.

"Ayi amalume, ndi ntchito yanga ya miyezi itatu. Ndikachoka kuno ndikupita nayo ku Joni, kuli maikulosikopu yoyezera."

Anafotokoza kuti kuwala kukagunda tizitsulo tosaoneka ndi maso, kumaunjikana pafupi penipeni ndi tizitsuloto, pomwe kamera singajambule. Ndiye iye ndi anzake amapaka pamwamba pa tizitsuloto kapulasitiki kopyapyala kamene kamasuntha kakamva kuwala, n'kusiya timapiri ndi tizigwa tosonyeza pomwe kuwalako kunali.

"Choncho kasaone dzuwa, amalume."

"Zimenezo timazidziwa," ndinatero (ndinamva mawu awiri okha: kuwala ndi dzuwa).

Titafika pamsika wa Lirangwe anatsika kukagula matimati ndi anyezi amene mayi ake anatuma, kabokosi n'kundisiyira. Pomwepo ndinaona a Maluwa, mnzanga amene tinapuma limodzi pauphunzitsi, yemwe mwana wake ndi namwino ndipo sitipuma naye.

"Aphunzitsi, mwanyamula chiyani?"

"Sayansi ya kunja. Chithunzi cha kuwala."

"Kuwala kumajambulidwa? Tione."

Ndikanakana. Koma anayankhula mokweza, ndipo telala ndi amayi awiri ogulitsa mandasi anali atayandikira kale. Ndinafutukula pepala lija. Munali timagalasi tinayi tangati zikhadabo, topaka utoto wofiirira. Ndinatola kamodzi n'kukalozetsa kudzuwa la masana.

"Palibe chikuoneka," anatero a Maluwa.

"Kachita nkhungu paulendo."

Ndinakauzira mpweya, n'kukapukuta bwinobwino ndi mpango wanga, uja ndinkapukutira thukuta kuchokera ku Chileka. Sikanaonetse kanthu. Ndinatenga kachiwiri n'kukawalitsa ndi tochi ya foni. Kachitatu anakagwira amayi a mandasi ndi zala zamafuta, akuti mwina kamafuna maso a munthu wamkazi. Kachinayi kanapulumuka chifukwa telala anati, "Eni ake aja akubwera apo."

Ndinakutira msangamsanga, n'kukhala tsonga ngati palibe chachitika.

Tadala atalowa anangoyang'ana pepala lokwinyika lija.

"Amalume, mwatsegula?"

"Pang'ono chabe. Koma usadandaule, ndakupukutira."

Sanalire, sanakalipe. Anangoika matimati pansi pang'onopang'ono n'kufunsa, "Mwapukuta ndi chiyani?" Nditamuonetsa mpango uja anatseka maso, ndipo sanawatsegule mpaka tinafika pakhomo.

Mayi ake ndiye anawatsegula a anthu onse. Anandilalatira pamaso pa alamu, akumpingo ndi akuchimuna amene anabwera kudzaona malo. "Achimwene, mwana wauluka mitunda yonseyo, apolisi apabwalo la ndege osatsegula, mwadzatsegula inu pamandasi!" Pachinkhoswe pomwe ndimayenera kuyankhula monga mwinimbumba anandiika poyang'anira njinga za alendo.

Tadala anapita ku Joni ndi kagalasi kamodzi kamoyo, ndipo zinazo anakayambiranso. Tchuthi cha Khirisimasi sanabwere. Ndinamulembera uthenga wautali wopepesa, iye n'kungoyankha kuti, "Ndamva."

Patapita miyezi iwiri ananditumizira chithunzi pafoni. Chinkaoneka ngati munda umene mwadutsa thirakitala ya munthu woledzera: mizere yakuya, yokhotakhota, uku ndi uku. Pansi analemba kuti, "Amalume, uwu ndi mpango wanu pamaikulosikopu. Aphunzitsi anga akuti sanaonepo zotere."

Ndikudziwa kuti sankandiyamikira. Ndinachita manyazi tsiku lonse, ndipo ndinalumbira kuti chinthu chokutidwa sindidzatsegulanso. Koma m'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita kwa a Maluwa, n'kuwaonetsa chithunzicho, ndi chala changa chitaphimba mawu oyambawo.

"Werengani apa," ndinatero. "Azungu akuti sanaonepo zotere."