Eni pasipoti ali kuchimbudzi

Bodza lalikulu ndinanenapo limodzi lokha, ndipo ndinayamba ndaliulula kwa munthu yemwe ndinkafuna kumunamizayo.

Patatha chaka amuna anga atamwalira, abale awo ku Mozambiki, tsidya lija la nyanja, anakonza sadaka. Ine ndinafunitsitsa kuti anthu akadye mpunga womwe malemuwo anabzala ndi manja awo kuno ku Malengachanzi. Vuto linali pasipoti. Inali yawo, ine dzina langa anangolilemba m'munsi ngati mkazi wawo, ndipo popanda eni ake sinkagwira ntchito.

Ndinafika padoko m'mamawa, khadi la chipani nditamanga kunsonga ya chitenje. Zenera la ofesi linali lotseka. Panja bambo wina wovala vesiti ankasesa.

"Achimwene, tandinyamulirani thumba la mpungali." Ananyamula. (Ndinawakalipiranso kuti asalikhwekhwereze pansi.)

"Bwana wa mapasipoti ngaukali?" ndinafunsa.

"Ena amatero, mayi."

Pamenepo ndinawakhuthulira zonse. "Ndiye akandifunsa, ndinena kuti bambo apita kuchimbudzi. Inu muzingovomereza." Ndinawapatsa zitumbuwa ziwiri. Anadya zonse.

Atatha kusesa anakweza mbendera, n'kuzungulira kuseri. Zenera linatseguka. Bambo omwewo, malaya oyera, chipewa kumutu. Kani wosesa, wa mbendera ndi wodinda mapasipoti anali munthu mmodzi. Mnzawo wa muofesimo anamusamutsa kalekale, osatumiza wina.

Nditawapatsa pasipoti, anayang'ana chithunzi cha amuna anga kwa nthawi ndithu.

"Mayi, eni akewa ali kuti?"

Kumbuyo kwanga mzere, kunyanja boti likudzaza. Mutu unaima, koma pakamwa panali pataloweza njira yonse.

"Ali kuchimbudzi."

"Tiwadikire?"

Ndinayamba kuseka, kusekako n'kusanduka misozi. "Sabwera, bwana."

"Pepani ndi maliro," anatero motsitsa mawu. "Pali chikalata cha masiku ochepa cha anthu ngati inu. Mukanangofunsa."

Analemba, nadinda. Kenako anatseka zenera, kuwauza apamzere kuti adikire pang'ono, n'kundinyamuliranso thumba mpaka m'boti, poti panalibe wina woti amutume. Mpunga wa amuna anga unadyedwa pasadaka yawo.

Kuyambira tsikulo, aliyense wogwira tsache ndimamupatsa moni chogwada. Koma zouza anthu osawadziwa zinsinsi zanga sindinaleke. Si izi ndakuuzani inu.