Chitseko cha Pansi pa Phiri

Lolemba

Sabata ino titsegula chitseko. Ndatsimikiza mtima.

Ndilembe bwinobwino, mwina ndikadzakalamba ndidzakana kuti ndinkachita zotere. Tilipo anayi, tonse akalaliki a teleksi, makina otumizirana mauthenga otayipa, aliyense ku kampani kwake. Masana mabwana akapita kokadya, makina amasanduka athu. Ine ndimatayipa nkhani ya dziko lopeka n'kuitumiza kwa mmodzimmodzi. Aliyense ali ndi munthu wake m'nkhanimo, ndiye amandiyankha zimene munthuyo akuchita. Pofunika mwayi ndimaponya dayisi ya ana anga, ya njoka ndi makwerero. Ikanena dayisi palibe apilo.

Osewera:
- a Makwinja, ku Chirimba. Wawo ndi Chimphona, chankhondo chosaopa kanthu. Eni akewo amapatukira ndi bakha yemwe.
- a Flosi, m'tauni momwe muno. Wawo ndi mlosi.
- a Saidi, ntchito ku Limbe, nyumba ku Ndirande. Wawo ndi mmisiri wa ndowa, ngati bambo awo.

Ndende ya pansi pa phiri ndinaikamo ndine, poti nkhani imafuna malo oopsa. Kenako tsiku lina a Saidi anatayipa kuti mmisiri ali ndi mng'ono wake m'menemo. Nditawatumizira enawo, palibe anayankha tsiku limenelo. Tonse tikudziwa. Mng'ono wawo weniweni, mphunzitsi, anakwezedwa galimoto chaka chatha, mpaka lero zii. Dzina lake silitchulidwa. Anthu amangoti anapita kukaona achibale.

Dongosolo: mawa mtsinje, mkucha alonda, Lachinayi makiyi, Lachisanu chitseko. Munthu atuluke, ngakhale wa papepala.

Lachiwiri

Mtsinje tawoloka bwino. Chimphona chabereka onse kumsana.

Tsidya linalo ndiye zayamba. A Makwinja akufunsa kuti kodi alonda a ndendewo ndi a mfumu kapena ndi zigawenga chabe. Ndawayankha kuti dzikoli ndi lopeka, mfumunso ndi yopeka, ndinaipeka ndekha m'basi ya ku Chilomoni. Akuti, “Mfumu ndi mfumu, achimwene, ngakhale yopeka.”

Mfumu imeneyi yanditopetsa! Ndinaichotsa imvi. Ndinailanda ndodo. Chipewa ndinaivula. Zonsezo kuopa kuti ingafanane ndi munthu wina. Lero ndaisandutsa mtsikana wamasiye wokonda nkhunda, koma Chimphona chikuti sichisuntha chisanaimbe nyimbo yomutamanda. Nthawi yonse ya nkhomaliro yathera nyimbo. Mavesi ake osatha, mawu onse a zilembo zikuluzikulu.

A Saidi mzere umodzi wokha: mmisiri wakhala pamwala, akunola lumo lake, akudikira.

Lachitatu

Chimphona chatsegula m'mimba.

Ndaponya dayisi kuti chichire, yagwa sikisi. Chachira! A Makwinja akuti chayambiranso. Ndaponyanso, sikisi. Akuti tsopano ndi bondo.

Zoona zake ndazimva madzulo kwa a Flosi. Ku Chirimba kwabwera wokonza makina osaitanidwa, wafunsa chifukwa chake pepala likutha msanga. Mwina ndi wokonza makina basi. Mwina ayi. Masiku ano ndani amadziwa? A Makwinja ang'amba zathu zonse n'kukazitaya m'chimbudzi, pamodzi ndi oda yeniyeni ya mabawuti.

A Makwinjawo ndawaona pa siteji poweruka. Ndakweza dzanja. Iwo ayamba kuwerenga chikwangwani cha sopo ngati kalata ya kumudzi. Zandipweteka, sindinama. Munthu ameneyu anali mboni pa ukwati wanga.

Alonda ndawagoneka tulo ndekha, kuti nkhani iyende.

Lachinayi

Mlosi wawombeza ula. Ula wanena kuti aliyense abwerere kwawo akalime.

Ndatayipa kuti ula sunanenepo zotere. A Flosi akuti ula ndi wawo, siwanga. Pansi pake awonjeza kuti ali ndi ana ang'onoang'ono, ndiponso ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Akuti pepala ndiye loposa mlomo. Sindikuwada. Akanakhala ine mwina ndikanathawa kale.

Zomwe zatsala:
- mmisiri mmodzi
- lumo limodzi
- ine, ndi mapepala m'masokosi

Ndimawatulutsa choncho mu ofesi, akazi anga mayi a Chisomo n'kuyatsira mbaula. Lero awerengako kaye asanayatse. Aona mawu akuti ndende, akuti alonda, akuti makiyi. Atembenukira kwa ine.

“Amuna a anzanga amasaukitsa mabanja ndi mowa. Inu mukufuna kutiphetsa ndi dayisi ya ana.”

Ndayesa kufotokoza za a Saidi. Akuti akudziwa, ndipo amawamvera chisoni, koma chisoni sichilera ana. Ndalonjeza kuti mawa n'kotsiriza. Mantha ndili nawo, koma ndikasiya pano ndiye kuti tonse tamusiya munthu panjira.

Lachisanu

A Saidi achedwa, anali ku mzikiti. Belu la makina lalira nthawi itatsala pang'ono, zilembo zikuphonyana, zikuoneka kuti athamanga.

Makiyi palibe, mlosi anapita nawo. Mmisiri akuti adula lata apange yake. Ndaponya dayisi. Wani. Kiyi yathyoka, kutereku. Ndayang'ana dayisi, ndayang'ana kukhomo, ndatayipa kuti sikisi. Chiyambire sindinaberepo. Mulungu andikhululukire, komanso akanakhala Iye sindikukhulupirira kuti akanalemba wani.

Ndatayipa: chitseko chili patsogolo panu, kiyi yalowa, mukutani?

Makina duu. Nthawi ikupita. Ine yankho ndakonza kale kuyambira Lolemba: mnyamata wowonda, ndevu zakula, koma wamoyo, akuseka. Zala zili pamabatani.

Ayankha kuti mmisiri sakupotokola kiyi. Akugogoda.

Kugogoda! Pa ndende! Ndisanafunse kanthu abwana alowa, kamtengo kali kumano, akufuna nditumize za matayala ku Lilongwe pompano. Ndadula laini. Mmisiri watsala dzanja lili m'mwamba.

Loweruka

Ntchito ndi ya theka la tsiku. Abwana atatuluka ndaimba ku Limbe pa teleksi.

Wayankha wina. Katayipidwe si ka a Saidi. Akuti kulibe, kodi ndinu ndani, mukufuna chiyani? Ndafunsa mtengo wa matayala. Kampani yawo imagulitsa nsalu.

Pepala la dzulo anang'amba? Ngati sanang'ambe, pali ndende, pali kiyi, pali nambala ya makina anga pamwamba. Ndaganiza za amayi awo, kuti ana awiri onse, ndipo wachiwiriyo chifukwa cha nthano zanga. Walira mvula walira matope, koma matopewa agwera wina.

Basi sindinakwere, ndayenda wapansi mpaka ku Chilomoni. Galimoto iliyonse yochepetsa liwiro, ine kucheuka. Kunyumba mayi a Chisomo atandiona angochotsa dayisi patebulo.

Lamulungu

Potuluka m'tchalitchi ndalunjika ku Ndirande, jekete lili pathupi.

Ndamva nyundo ndisanafike. A Saidi alipo! Ali pa shedi ya bambo awo, akukhoma ndowa. Dzulo anangopempha kuti apume, akuti mutu. Pepala anatafuna. Ndafuna kuwakalipira, m'malo mwake ndangokhala pa chitini.

Amayi awo abwera ndi tiyi. Atandilonjera afunsa chapansipansi ngati ife a m'tauni tamvako kanthu. Akuti amafunsa aliyense wovala tayi. Ndati ayi, amayi.

Atalowa m'nyumba ndawauza a Saidi kuti mathero ndakonza, ndi abwino, angopotokola kiyi basi. Apukusa mutu.

“Ndikudziwa kuti ndi abwino, achimwene, ndinu munthu wachifundo. Mutsegula, atuluka, tikumbatirana. Ndiye ndiweruka, ndifika pano, amayi andifunsa ngati ndamvako kanthu. Ndidzati chiyani?”

Sabata yonse ndimayesa ndikuwachitira zabwino.

Akuti mmisiri asiyidwe pakhomo pomwepo, nkhani ithere apo, enawo asavutikenso. Ndavomera. Basi masewero atha, popanda womenya nkhondo ngakhale mmodzi.

Ndikuimirira kuti ndizipita, andigwira jekete. Sitinasewerepo pamaso, ndipo sanandiyang'ane.

“Paja mmisiri anagogoda. Simunandiuze. Akumva chiyani?”

Ndaganiza za mnyamata woseka uja, ndamusiya. Ndati:

“Wina akutsokomola m'katimo.”

“Chifuwa anali nacho kale,” atero. Atola nyundo, apitiriza ndowa.