Mpira Umene a Bentum Anamenyera M'nyanja

Ku Anomabu kuno sikunakhaleko munthu wopepesa ngati Egya Ekow Bentum. Ukawaponda phazi pamsika, ankayamba ndi iwo: "Pepani, ndaika phazi poipa." Anapepesapo mbuzi, ine ndikuona ndi maso angawa. Koma kupepesa kwina konseko kunali kongotenthetsa pakamwa. Mlandu wawo weniweni unali umodzi, wa mpira.

Kalelo, azungu akulamulirabe, bambo anga a Kwesi Arhin anayambitsa timu ya asodzi okhaokha. Mphunzitsi wina anaipatsa dzina lachingerezi loti palibe ankatha kulitchula, ndiye anthu ankangoti Anyamata a Lachiwiri, poti Lachiwiri ndi tsiku limene nyanja imapuma, msodzi sakhudza madzi ake. Pagolo ankazika nkhafi ziwiri mumchenga. Nsapato panalibe. Mpira unali umodzi m'tauni yonse, wachikopa, womanga ndi chingwe pakamwa, ndipo bambo anaupeza kwa mzungu wa pasitima posinthanitsa ndi chinkhwe chawo chodziwa kutukwana. Mayi ankati mpirawo unkadzola mafuta ambiri kuposa ana, usiku n'kumagona pakati pa iwo ndi bambo.

A Bentum ankasewera kumbuyo, ndipo nzeru yawo inali imodzi: mpira ukabwera, umenye upite kutali. Kumene ukupitako sinali nkhani yawo.

Tsiku limene kunabwera makalaliki a ku Saltpond, ovala masokosi, tauni yonse inakhamukira pamchenga. Ine ndinali kumsana kwa mayi, koma nkhaniyi ndaimva kambirimbiri moti ndimaikumbuka bwino kuposa ukwati wanga. Athu anali atagoletsa kale chimodzi. Kalaliki wina wamiyendo yoonda akuthamangira kugolo kwathu, a Bentum anakumana nawo mpira uja ndi phazi lonse. Unakwera, unapitirira mitengo ya kokonati, mphepo n'kuukhotetsa, n'kukatera phava! kuseri kwa mafunde.

Unali pafupi, anthu inu! Asodzi onse aja, anthu obadwira m'madzi, anangoima m'mphepete manja ali kunkhongo. A Bentum, amene ankasambira kuposa wina aliyense, anavula malaya, koma mkulu wa asodzi anawatchinga ndi ndodo.

"Lero n'lachingati, mwana iwe?"

"Lachiwiri, bambo. Komatu sindikukagwira nsomba."

"Nyanja ukaifotokozera zimenezo? Lowa. Nsomba zikathawa chaka chino, tauni yonseyi udyetsa ndiwe."

Makalaliki anati iwo si asodzi, mwambowo sukuwakhudza. Atauzidwa kuti alowe, zinadziwika kuti panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kusambira. Choncho anthu anaonerera mpira ukuvinavina pamafunde, ukuchepa, mpaka unasowa. Lachitatu mabwato onse anatuluka kukaufuna, n'kubwerako ndi nsomba zokhazokha. Anyamata anayesa wansanza, koma a ku Saltpond anati sangavalire nsanza masokosi. Ena anakwatira, ena anapita kukagwira ntchito kudoko, timu n'kuthera pomwepo isanakwanitse ndi chaka chomwe.

Kuyambira pamenepo, bwato lililonse likamakocheza, a Bentum anali pomwepo. "Simunauone?" Atamva kuti ku Winneba nyanja yalavula chinthu chobulungira, anapita wapansi, n'kukapeza kuti ndi chipanda. Anachipepesa chipandacho, n'kubwera nacho.

Ndipo Lachiwiri lililonse ankafika kwathu, chipewa chili m'manja, atanyamula nsomba yowamba ndi dokono, nsima yathu ya chimanga, wotentha wokulunga m'masamba.

"Kwesi, za mpira zija, pepa."

"Bweretsa mpira kaye, ndiye tikambirane," bambo ankatero akufutukula masamba.

"Inetu ndinkangoteteza golo."

"Unatetezadi. Mpaka lero palibe wagoletsa."

Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti. A Bentum nawo ankaseka pang'ono, maso ali pansi, kenako awiriwo ankadya mbale imodzi mpaka dzuwa kupendeka.

Chaka china anabwera ndi chinkhwe. Bambo anachiyang'ana m'maso.

"Chimatukwana?"

"Ayi, chinali cha abusa."

"Kabweze."

Mipira itayamba kupezeka m'sitolo za ku Cape Coast, a Bentum anagula watsopano, wonunkhira chikopa. Bambo anautembenuza uku ndi uku. "Si umenewu. Uja unali ndi chipsera apa." Anaupereka kwa ana asukulu, Lachiwiri lotsatira a Bentum n'kubweranso ndi dokono.

Mayi zinkawanyansa. "Bambo a Araba, mnzanuyu wachita imvi akupepesa. Simungangomuuza kuti zinatha?"

"Aa, iwe, akudziwa kuti ndi macheza."

A Bentum sankadziwa. Atadwala, ine ndinkawapititsira phala, ndipo tsiku lina anandigwira dzanja, zala zawo zitapepuka ngati za mwana.

"Araba, bambo ako anenapo kanthu?"

Ndinathamangira kunyumba. Bambo anali akusoka ukonde. "Ekow sangafe asanabweretse mpira," anatero akuseka. "Ndipita mawa." Mawa lakelo tinadzutsidwa ndi maliro.

Poika nsalu ndi timphatso tapaulendo m'bokosi, monga timachitira, bambo anafika chimanjamanja. Anawerama n'kulankhula mokweza ngati akuitana bwato lakutali.

"Ekow, zinatha. Wamva? Zinatha tsiku lomwe lija."

Anthu amene anaseka nthabwala ija zaka zonsezi anali pomwepo, ndipo aliyense anayang'ana zala zake zakumapazi. Manyazi anatigwira tauni yonse. Pobwerera kumanda mayi sanawasiye bambo.

"Mawu ochepa ngati amenewo anakukanikani chiyani ali moyo?"

Bambo anayenda kamtunda, kenako anaima. "Ndikanamuuza kuti zatha," anatero, "akanabweranso kudzatani kwathu?"

Masiku ano pamsika ukaponda munthu phazi amakutukwana bwinobwino, ndipo mbuzi zimakankhidwa popanda mawu. Ana amamenyera mipira m'nyanja, wina n'kuthamanga kukatenga ina kunyumba. Lachiwiri mayi amagula dokono awiri, mmodzi amazizira m'masamba ake. Masiku enawo bambo sapezeka pakhomo. Amakakhala pamchenga, pamalo aja, ndipo bwato likamakocheza amadzuka ndi ndodo yawo, chipewa chili m'manja.

"Anyamata, pepani," amatero. "Simunauone?"