Anthu Anayi a Kumwezi ndi Tambala wa a Don Celso

Pulani yokaba tambala wa a Don Celso inabadwira pabenchi la okala yanga, Lamulungu lina masana, ndipo mzamba wake anali uchema wa kokonati. Ine ndine Luding, koma tauni yonse imanditchula Manang Luding, kutanthauza achemwali Luding, ngakhale anthu oti anandiona ndili wakhanda. Ndimagulitsa fodya, sopo ndi mazira. Tchimo langa lalikulu n'loti ndinapachika TV pakhoma loyang'ana kumsewu.

Chipachikireni TV ija, benchi langa linasanduka chombo cha mlengalenga. Amuna anayi ankaswerapo kuonera mafilimu a anthu opita ku nyenyezi, aja oti chilombo cha dovu chimalowa m'chombo n'kumadya anthu mmodzimmodzi, mpaka anafika pogawana maudindo. Gorio, munthu woti sanapalasepo ngakhale bwato, anali Kaputeni. Temyong wokonza mafani okupiza mphepo anali Injiniya. Ambo, yemwe amasoka mabala a atambala kubwalo lowamenyanitsira, anali Dokotala, ndipo ndi yekhayu amene dzina linkamukhalako pang'ono. Wachinayi anali mlongo wanga Nardo, woyendetsa njinga yamoto ya matayala atatu. Iyeyu ankamutchula Mapoto chifukwa anaphunzira zophikaphika.

Nardo ndinamulera ndine mayi athu atamwalira, ndipo ndinkalifuna tsiku loti adzachoke pabenchi limenelo. Atayenda zaka zitatu m'maofesi a mumzinda wa Iloilo, anali atapeza ntchito yophika m'sitima yonyamula katundu. Panatsala pepala limodzi lokha, kalata ya kupolisi yonena kuti alibe mlandu, yoti akaitenge Lolemba la sabata inayo. Sitima inkanyamuka Lachinayi lake.

Pa mafilimu onse aja, Kaputeni anatolamo maphunziro awiri. Wopatuka pagulu ndi amene amayamba kudyedwa, ndipo wotsutsa mkulu wa chombo ndi amene amakhala kuti chilombo chamulowa kale m'mimba. Zoti m'mafilimu omwewo munthu wonena kuti chitseko icho tisatsegule amakhala akunena zoona, iye sanazione. Nthawi imeneyo amakhala atapita kukataya madzi kuseri kwa nthochi zanga.

"Aise, dilu ndi iyi," anatero Kaputeni, botolo lili m'manja. "Jenerali, tambala wa madala aja. Ndewu khumi ndi ziwiri, osagonja. Kuli shasha ina ku Bacolod ingamugule maso ali gwa. Loweruka masana tivala zoyera ngati anthu a boma opopera udzudzu, tiuza onse a m'nyumba kuti atuluke, tifukiza utsi, tambala m'thumba, ife phazi thandize. Wina ali ndi vuto?"

Kwathu kuno amuna samwera aliyense m'tambula yake. Tambula imakhala imodzi, wothira mmodzi, ndipo imazungulira. Kuikana ikakufika n'chimodzimodzi kutukwana mayi wa wothirayo. Wothira tsiku limenelo anali Kaputeni, ndipo analamula kuti womwa ndiye kuti wavomera. Dokotala anayang'ana Injiniya n'kumwa. Injiniya, poona kuti munthu wodziwa za atambala wamwa, anagugudiza. Nardo anaigwira nthawi yaitali mpaka Kaputeni anamufunsa ngati m'mimba mwake muli mlendo. Anzake anaseka, iye anamwa. Kaputeni anati mutu umodzi susenza denga, koma ine ndinali kuona mitu inayi yopanda denga lililonse.

Lolemba m'mawa kunabwera Dokotala yekha kudzagula ndudu imodzi. Anayang'ana uku ndi uku, n'kundilumbiritsa pa chifanizo cha Mwana Yesu cha pashelefu yanga kuti sindiuza munthu. Kenako ananong'ona kuti Jenerali anafa sabata ziwiri zapitazo ndi chitopa, ndipo a Don Celso akubisa kuti anapiye ake asatsike mtengo. Nditamufunsa chomwe anamwera tambula ija, anati anzake anali osangalala kwambiri, sanafune kukhala ntchentche ya m'mowa.

Lachitatu anabwera Injiniya. Nayenso anandilumbiritsa. Makina opopera omwe anatola kumbuyo kwa ofesi ya zaumoyo anali atatayidwa pa chifukwa: akayaka sazima, ndipo utsi wake umatulukira mbali zonse. Koma anati Kaputeni amamudalira, ndiye angayambire pati.

Lachinayi ndinadabwa kuona Kaputeni mwini wake, maso ali psuu ngati sanagone. Anati Lamulungu lija ankangocheza, mowa unali utamukwera, ndipo ankayembekeza kuti wina akana kuti iye apeze pothawira. "Koma anyamatawa aikonda zedi, Manang. Mwaona mmene anamwera? Ndikabwerera m'mbuyo ine mkulu wawo, nkhope ndiiika kuti?"

Lachisanu Nardo anabwera kudzadya ali chete. Ndinamupanikiza mpaka anaulula kuti tsiku lonse wakhala akututa mipando kupita nayo kwa a Don Celso. Loweruka kunali phwando la ubatizo wa mdzukulu wawo, ndipo bambo wa mwanayo, mkamwini wa pakhomopo, ndi mkulu wa polisi wa tauni yathu. Ndinamukalipira mpaka agalu a aneba anayamba kuuwa. Ndinamukumbutsa za kalata, za sitima, za zaka zitatu zija.

"Ndinamwa tambula, Manang," anatero. "Koma musadandaule, mawa tikamanyamuka ndinena. Inu musalowererepo, angamati Mapoto amatumiza mlongo wake."

Ndiye taonani, ine ndinali nditasenza zinsinsi zinayi, chilichonse chokwanira kupha pulani yonse. Ndinadziuza kuti amuna anayi, aliyense ali ndi khala la moto m'thumba, sizingatheke onse n'kufika pageti osafuula. Ndinadziuzanso kuti ndinalumbira, komanso kuti za amuna a pabenchi si za ine. Ndinatseka pakamwa n'kumagulitsa mazira anga.

Loweruka dzuwa lili paliwombo anatulukira kuseri kwa tchalitchi. Anavala maovolosi oyera obwereka kosungira nsomba, majombo, ndi zipewa za njinga yamoto zotseka kumaso. Popeza wopatuka pagulu amadyedwa, Kaputeni anawamangirira onse m'chiuno pa chingwe chimodzi choyanikira zovala, monga amachitira anthu a m'mafilimu akatuluka kunja kwa chombo. Ankanunkha nsomba kuyambira patali. Ndinatseka okala n'kuwatsatira, ndikudikira kuti Nardo anene. Nardo ankangoyenda kumapeto kwa chingwe, thumba lili paphewa.

Pageti la a Don Celso panali mabaluni, nyimbo, fungo la nkhumba yowotcha, ndi galimoto ziwiri za polisi zitaima pamthunzi. Ngakhale mwana wa zaka zitatu akanadziwa kuti apa n'pobwerera. Kaputeni anaima, natembenuka, nafunsa ndi mawu a munthu wopempha chifundo ngati alipo amene ali ndi mawu. Nardo anayang'ana Dokotala. Dokotala anayang'ana Injiniya. Magalasi a zipewa anali atachita nthunzi, palibe ankaona nkhope ya mnzake, ndipo aliyense anaona ngati anzake atatu aima molimba mtima. Ine ndinali mapazi khumi kumbuyo kwawo, pakati pa anthu odzadya zaulere, pakamwa panga pali pululu koma osatuluka mawu.

"Gulu lagwirizana," anatero Kaputeni. "Tiyeni."

Asananene n'komwe za udzudzu, ana anawaona n'kuyamba kukuwa kuti kwabwera anthu a kumwezi. Anawazungulira, kuwakoka chingwe, kuwagogoda pazipewa. A Don Celso anaganiza kuti mkamwini wawo ndi amene waitana asangalatsi amenewa, ndipo anamugwedezera mutu mothokoza. Mkulu wa polisi anaganiza kuti ndi apongozi ake, nawagwedezeranso mutu. Palibe anafunsa mnzake, poti kufunsa n'kuchepsa mphatso. Choncho mbava zinayi zinalandiridwa ndi manja awiri, zinavinitsidwa nyimbo zitatu, zinajambulitsa ndi mwana wobatizidwayo, ndipo mayi a pakhomopo anawatsegula magalasi pang'ono n'kumawalowetsera nyama ya nkhumba m'kamwa ngati anapiye.

Ndikunena pano mtima umandiwawabe, chifukwa pamenepo anali atapulumuka. Akanangoweramira anthu n'kutuluka, akanapita kwawo okhuta, mwinanso atanyamula zotsala. Koma atatha kudya, atatu aja anatembenukira kwa Kaputeni, aliyense akupemphera kuti anene zobwerera. Kaputeni anaona zipewa zitatu zikumuyang'ana, naganiza kuti anyamata akudikira lamulo. Anakweza dzanja monga anapanganirana. Injiniya anachita chizindikiro cha mtanda n'kukoka chingwe cha makina.

Makinawo anabangula ngati ng'ombe yophedwa ndi mpeni wobuntha. Poyamba ana anawomba m'manja. Kenako utsi unakuta tebulo, nkhumba, ansembe ndi keke yomwe. Atambala makumi anayi omangidwa kuseri kwa nyumba anadula zingwe zawo n'kulowa m'phwando, kumenya aliyense wovala zofiira. Amayi ankatsokomola akuitana ana awo, apolisi ankagundana okhaokha, Injiniya ankamenya makina ndi jombo koma osazima. M'chipwirikiticho Kaputeni anapapasa pakhonde n'kupeza Jenerali ataima patebulo laling'ono, ali phee ngati sakumva kanthu. Anamukolopola n'kumupanira m'khwapa.

Apa ndi pamene, koyamba chiyambire kudziwana, aliyense anaganiza ndi mutu wake. Kaputeni anathamangira kugeti, Dokotala kumpanda, Injiniya kuchitsime, Nardo kukhitchini. Chingwe chinakungika, onse anayi anabwerera ngati mphira n'kuwombana zipewa. Anadzuka, nayesanso, ulendo uno mozungulira mzati wapakati wa tenti, awiri kumanja awiri kumanzere, mpaka anadzikulunga okha pamzatipo. Tenti inawagwera pamodzi ndi mabaluni ake.

Utsi utatha, mkulu wa polisi anatukula tenti ija akupukuta misozi. Mpaka pamenepo ankaganizabe kuti ndi ngozi ya asangalatsi, ndipo anayamba n'kuwafunsa ngati avulala. Ndiye anaona mchira wa tambala ukutuluka m'khwapa mwa Kaputeni. Anaukoka. Mutu wa Jenerali unagwa pansi n'kugubuduka, ndipo m'khosi munatuluka thonje.

"Mosamala, bwana," anatero Dokotala ali chigonere. "Thonjelo ndinaika ndine, linanditengera masiku awiri."

A Don Celso anafiira ngati tsabola, chifukwa pamaso pa alendo onse, ena oti anali atagula kale anapiye, chinsinsi chawo chinali pambalambanda. Akanakhala kuti angowaipitsira nkhumba mwina akanakhululuka, koma izi ayi. Unyolo sunafunike. Mkulu wa polisi anangotola nsonga ya chingwe n'kuwakoka ngati mbuzi zopita kumsika, ana akuwaperekeza ndi nyimbo.

Kupolisi, atawavula zipewa, pakamwa panatseguka tsopano. Dokotala anati iye ankadziwa kuti tambala anafa. Injiniya anati ankadziwa za makina, Nardo za phwando, ndipo Kaputeni analira kuti iye sankafuna n'komwe kuyambira tsiku loyamba. Anayamba kutukwanizana, aliyense akufunsa mnzake chomwe anakhalira chete. Mkulu wa polisi anaseka mpaka anagwira khoma, nati pa ntchito yake yonse sanaonepo anthu anayi okana chinthu chimodzi n'kuchichita onse mogwirizana chonchi. Atatha kuseka anakhala pansi n'kulemba mayina onse anayi, la Nardo lili lachitatu. Lolemba ndinapita kukagwada kwa iye ndi kwa a Don Celso. Onse anandipatsa khofi, koma dzina silinafufutidwe.

Lachinayi, tsiku la sitima, ndinamutengera Nardo mpunga ndi nsomba zouma. Ndinanyamuka kunyumba nditakonza mawu oti ndikamulalatire, ena oti mayi athu akanawamva akanadzuka. Ndinamupeza atakhala pakona, akuyang'ana wotchi ya pakhoma la apolisi. Anandiuza kuti ntchito ija aipereka kwa mnyamata wina wa ku Roxas, amene ankaima naye pamzere. Kenako anati m'chitolokosimo akhala akucheza, ndipo atulukira kuti onse anayi anadutsa pa okala yanga sabata imene ija.

"Ndiye kuti inu, Manang, munkadziwa zonse zinayi?"

Ndinavomera.

"Ife aliyense anali ndi chake chimodzi. Inu munali nazo zonse. Bwanji simunanene?"

Mawu onse amene ndinakonza aja anandithawa. Ndinayang'ana mbale ya mpunga ili m'manja mwanga, manyazi atandigwira mpaka kumapazi.

"Ndinkaganiza kuti wina anena," ndinatero.

Kaputeni, yemwe ankamvetsera ali kumbuyo, anasendera pang'ono pabenchi la m'chitolokosi n'kusiya malo a munthu mmodzi.