Umboni Woti Ndidzabwerera

Lolemba, 14 Ogasiti

Lachisanu lino ndikukaonekera ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe. Viza! Sukulu ya ku Ulaya ija yandisungira malo mpaka kutha kwa mwezi uno basi, ndikalephera apereka kwa wina. Chaka chimodzi chophunzira kaphunzitsidwe ka ana osamva, zonse alipira a mpingo wa komweko. Ine ndemwe, wophunzitsa Sitandade 3 pansi pa mtengo wa mango, bolodi nditatsamiritsa pa mwala.

Zomwe zatheka kale:
pasipoti
kalata ya sukulu
kuunikidwa chifuwa, akuti ndili bwinobwino
zithunzi (ndaoneka ngati wakuba mbuzi, koma wojambula wa ku Limbe akuti ndi mmene ndilili)

Chatsala chimodzi. Pa pepala lawo alemba kuti ndibweretse "umboni woti wopemphayu adzabwerera kwawo." Chipongwe chenicheni! Ine osabwerera? Ndikatsalirenji kudziko kumene akuti dzuwa limalowa anthu asanaweruke kuntchito? Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka.

Komabe ndiwaonetsa. Ndili ndi ntchito, nyumba ya njerwa zootcha yamalata, munda, ana. Pa chilichonse kapepala kamodzi, pofika Lachitatu ndamaliza. Za ulendowu akudziwa ndi amake Dalitso okha, akazi anga. Kuno ulendo saulengeza, anthu amakutchingira njira usananyamuke.

Ndayambira kwa ahedi. Sukulu ili pa holide, ndawapeza kunyumba akupuntha nandolo. Akondwera kwambiri, asamba m'manja, alemba kalata pomwepo, chidindo phwa! Ndaiwerengera panjira. "Ndikutsimikiza kuti sukulu yathu sidzavutika ngakhale pang'ono chifukwa cha kuchoka kwa mphunzitsiyu. Ana ake tiwaphatikiza ndi a kalasi ina."

Ndabwerera kwa ahedi. Akuti, "Aphunzitsi, mukufuna azungu aganize kuti mukuthawa ana? Ndakuthandizanitu apa."

Zaka zonsezi ndikudya fumbi la choko, kuli kusavutika ngakhale pang'ono! Kalatayi sindipita nayo.

Lachiwiri, 15 Ogasiti

Nyumba. Ndinaumba njerwa ndekha, kuotcha ndekha, malata ndinabwera nawo pa njinga kuchokera ku Njuli mpaka msana unakana kuwongoka. Koma kuti ilembedwe kuti ndi yanga, akuti avomereze eni malo. Eni malo ndi apongozi anga, mayi a akazi anga, chifukwa ine pano ndine mkamwini.

Ndapita ndi suga. Ndakhala patali monga mwa ulemu, iwo ayang'ana ku nkhokwe, ine ndikuyang'ana nkhuku. Ndafotokoza pang'onopang'ono.

"Nyumba yanu iti?"

Ndaloza. Ikuoneka pomwepo, malata ali ng'aning'ani.

"Ya mwana wangayo? Njerwa munaumba ndinu, inde, sindikana. Koma dothi linachokera pa chulu cha ndani?"

Chulu! Tafika powerengerana chulu!

Munda sindinautchule n'komwe, atchula okha. Akuti munda umenewo analima agogo awo atangofika kuchokera ku Mozambiki, ndipo sunalembedwepo dzina la mwamuna. Suga alandira.

Chinsinsi chatha. Pofika madzulo mudzi wonse ukudziwa. Amene andipeza mpaka pano:
mayi wa kwaya, akufuna kiyibodi
mnyamata wa kabaza, akufuna ndikamupezere mkazi wachizungu, "ngakhale wachikulire"
bambo wina amene sanandipatsepo moni chikwatirire changa pano, akuti ndife pachibale

Amake Dalitso akungoseka. Akuti ndikanayamba ndafunsa iwo. Ndifunse chiyani m'nyumba yangayanga?

Lachitatu, 16 Ogasiti

Ndapalasa njinga mpaka kwathu ku Magomero. Kumene ndinabadwira, kumene kuli mchombo wanga. Ngati kuchikamwini ndilibe munda, kwathu ulipo, uja ndinkalima ndili mnyamata, wa pafupi ndi dambo.

Achemwali anga aakulu andilandira bwino, thobwa, chinangwa chophika. Nditatchula munda, nkhope yasintha.

"Achimwene, munda wanu uti? Si munakwatira inu? Wanu uli kwa akazi anu."

Kwa akazi anga akuti si wanga. Kwathu akuti uli kwa akazi anga. Ndiye ine ndimalima mlengalenga? Chimanga chimene ndimakolola chaka ndi chaka chimamera pamutu panga?

Pondiperekeza andipatsa chingwe cha mlaza, akuti ndi muyeso wa phazi lawo, ndikawagulire nsapato.

Atsala ana. Amenewo ndiye palibe angatsutse, Dalitso mphuno yake ndi yangayi. Koma pa fomu akufunanso dzina la mutu wa banja ndi nambala ya foni, kuti akafuna aimbe afunse za ine. Mutu wa banja kuno ndi alamu anga a Muhiwa, achimwene awo a akazi anga, mwinimbumba, atsibweni a ana anga. Foni ilipo imodzi dera lonse lino, ya mu sitolo ya Che Saidi ku Njuli. Munthu akakuimbira, Che Saidi amatuma wa kabaza kudzakutenga. Ndalemba zimenezo.

Ndapita kwa alamu kukawakonzekeretsa. Ndayamba bwinobwino, kuti azunguwa chimene akufuna kumva n'chakuti...

"Alamu, khalani chete. Ine ndagwira kwa azungu ku esiteti ya tiyi ku Thyolo inu musanamere mano. Mzungu ndimamudziwa ngati chikhatho changachi. Mzungu safuna munthu wa mavuto."

Ndayesanso. Akweza dzanja.

"Mwakhala nafe bwino pamudzi pano. Ino ndi nthawi yathu yokubwezerani. Siyirani ine."

Mtima wanga sukukhazikika. Koma munthu waphunzira kale kuti ndi alamu sukangana nawo uli pakhomo pawo.

Mufayilo muli:
makhadi a kusikelo a ana
chithunzi cha nyumba, apongozi ataima pakhomo (anakana kuchoka)
basi

Lachinayi, 17 Ogasiti

Minibasi mpaka Limbe, kenako basi ya ku Lilongwe. Jekete ndabwereka kwa akatekisiti, manja ake akuthera m'zigongono. Amake Dalitso andikulungira mbatata yootcha ndi nandolo wowiritsa. Ndati munthu wopita ku ofesi ya kazembe sanyamula nandolo. Ndadya yense tisanafike pa Zalewa.

Amene ndakhala naye pampando ali ndi nkhuku ziwiri ndi malangizo ambiri. Akuti mphwake anakanizidwa chifukwa anamwetulira kwambiri. Akuti wina anakanizidwa chifukwa sanamwetulire. Akuti ndisayang'ane mzungu m'maso, komanso ndisayang'ane pansi. Nkhuku imodzi yachitira chitosi pa jekete ya akatekisiti.

Ndikugona kwa msuwani ku Kawale. Ndikuyeseza mayankho pa kalilole. "Ndidzabwerera chifukwa ndimakonda dziko langa." Msuwani akuti aliyense amanena zimenezo, ndipeze china. Mkazi wake akuti ndinene kuti ndili ndi ng'ombe. Ng'ombe kwathu ku Chiradzulu, zidye chiyani, miyala?

Sindinama. Ndine mphunzitsi, ndine tate, ndili ndi kwathu. Zimenezi n'zokwanira munthu aliyense wanzeru.

Lachisanu, 18 Ogasiti

Ndilemba zonse mmene zachitikira.

Mzere kuyambira kunja kwa geti. Mlonda watilanda maambulera ngati tabwera kunkhondo. M'kati muli zii, kuzizira ngati mochale, anthu onse avala masuti. Kutsogolo kuli windo lagalasi, kuseri kwake mzungu wamkazi ndi kalaliki wachimalawi, mayi wa magalasi.

Dzina langa. Ndaimirira, ndamwetulira pang'ono, mwapakatikati.

Pasipoti, bwino. Kalata ya sukulu, bwino. Chifuwa, bwino. Kenako chithunzi cha nyumba. Mzungu akufunsa kuti mayi waima pakhomoyu ndani. Ndati apongozi. Akufunsa kuti nyumbayo ndi yawo? Ndati ayi, kungoti malo. Ndayamba kufotokoza za chikamwini m'Chingerezi. Ndafika mpaka pa chulu. Sindikudziwa kuti ndafikapo bwanji pa chulu.

Mzungu wayang'ana kalaliki. Kalaliki wanyamula foni.

Ndimaganiza kuti adikira wa kabaza, mwina atopa, asiya. Ayi ndithu. Foni yangolira kamodzi. Alamu akhala mu sitolo ya Che Saidi chiyambire m'mawa, pafupi ndi foni, kudikira. Ndipo alamu akamayankhula pa foni amakuwa, chifukwa amati Lilongwe ndi kutali. Kalaliki wachotsa foni kukhutu, waigwira m'mwamba. Chipinda chonse chikumva.

"Halo! Ndine Muhiwa, mwinimbumba! Ameneyo mpatseni apite, palibe chomugwira kuno! Nyumba ndi ya mlongo wanga! Munda ndi wa mayi athu! Ana ndi mbumba yanga, ndimawayang'anira ndine! Alibe ngongole, alibe mlandu, alibe kanthu kalikonse!"

Kalaliki wafunsa mwaulemu ngati akuganiza kuti ndidzabwerera.

"Zimenezo musade nazo nkhawa, mayi! Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ife tinazolowera! Ngakhale akhale konko zaka khumi, ngakhale osabwera, ife kuno sitivutika! Tamumasula ndi mtima umodzi!"

Wina kumbuyo kwanga waseka mpaka kutsamwa. Kalaliki wamasulira zonse, ngakhale za mlamba. Ndinaona ndi maso anga akuchita chizindikiro cha nsomba ndi dzanja.

Ndati ndifotokoze. Mzungu akuti pepani, malamulo ndi malamulo, ndikhoza kudzapemphanso zinthu zikadzasintha. Zisinthe bwanji? Apongozi asamuke? Chidindo phwa mu pasipoti yanga yatsopano, tsamba loyamba lenileni.

Ambulera yanga mlonda wapatsa munthu wina.

Loweruka, 19 Ogasiti

Ndakwera basi yobwerera kumudzi. Pa Ntcheu sindinagule ngakhale mbatatesi.

Kutsika pa Njuli, anthu ali mbwee pa siteji. Alamu patsogolo, atavala tayi. Che Saidi atuluka mu sitolo, akundigwira chanza ndi manja awiri, akuti chiikireni foni ija sanamvepo munthu akuyankhula bwino chotero. Alamu akubwereza mawu awo onse kwa amene sanamve, a kabaza akuwomba m'manja pofika pa mlamba.

"Alamu, mwabwera nayo? Tionetseni!"

Ndawaonetsa chidindo. Ndawauza tanthauzo lake. Ndawauzanso, anthu onse akumva, kuti azungu ankafuna kumva kuti ndili ndi chondibweza kuno, osati kuti ndine nsomba.

Alamu avula chipewa, akanda m'mutu.

"Ndiye mumafuna ndiname?"

Ndikanayankha, bwenzi lero ndikugona ku Magomero, kumenenso ndilibe munda.

Kenako akwiya iwo! Akuti azungu a masiku ano ndi osokonezeka, a ku Thyolo ankafuna munthu wopanda katundu. Akuti anataya tsiku lonse pa foni osathokozedwa. Anthu ayamba kuwapepesa iwowo. Mayi wa kwaya akufunsa ngati za kiyibodi zathera pomwepa.

Kunyumba amake Dalitso anditengera madzi osamba. Nditatuluka kubafa ndi pamene afunsa.

"Pa fomupo bwanji simunalembe ine?"

Ndati ankafuna mutu wa banja.

"Nanga mukachoka kusukulu madzulo mumabwerera kwa achimwene?"

Atero basi, n'kulowa kukhitchini. Mapoto akulira kuposa masiku onse.

Lamulungu, 20 Ogasiti

Jekete ndabweza. Akatekisiti aona pamene panagwera chitosi, apumira m'mwamba.

Kutchalitchi alengeza kuti tithokoze Mulungu chifukwa aphunzitsi athu sakutisiyanso. Anthu aimba nthungululu. Omwewa amene sakanavutika ngakhale pang'ono! Ahedi anditsinzinira diso kuchokera ku benchi ya amuna.

Mawa ndilembera sukulu ya ku Ulaya kuti malo aja apereke kwa wina. Apeze munthu wa ku Mzimba, kumene mwamuna amakhala ndi khola lake, munda wake ndi ana otchedwa ake. Ameneyo akaphunzire za ana osamva. Ine ndibwerera pansi pa mango.

Ndakhala pakhonde masana onse kufunafuna bodza m'mawu a alamu, kuti ndikawasumire kwa ankhoswe. Ndabwereza mawu amodziamodzi. Nyumba, munda, ana. Bodza mulibe. Chimene chikundiwawa kwambiri n'chimenecho, kuposa chidindo chija.

Amake Dalitso ayambanso kundiyankhula, pang'ono. Akuti iwo ankadziwa kuti ndidzabwerera, chifukwa munthu wosatha kuchapa kolala ya malaya ake sangathe chaka chachiwiri kwa eni. Ndikuganiza kuti amenewa ndi mawu achikondi. Sindinafunsitse.

Dzuwa litapendeka, apongozi aima kuseri kwa mpanda, akuyankhula ndi mtengo wa papaya monga amachitira akafuna kuti ndimve ine.

"Poti ulendo walephereka, kumunda kwanga mapesi sanasosedwe. Anthu ena alawirire mawa. Abwere ndi khasu lawo."

Lawo. Ndiye chilipo ndithu changa pamudzi pano. Akanandiuza msanga, bwenzi nditapita nalo ku Lilongwe.