Mmene Ndinathamangitsira Numeru Yosatha Mpaka ku Zóbuè

Iwe ukusekawe, ubwere kuno uone zala zangazi. Kuda kumeneku si litsiro, ndi malasha a masamu.

Chaka chimene empreza, kampani ya mgodi, inkatisamutsa kutichotsa ku Malabwe, ine Fulansisiko ndinakana, chifukwa mkazi wanga Nabanda anagona pakona pa munda, pansi pa msawu. Anabwera enjinyeru woyeza malo, ine n'kumuuza kuti ndiyezereni kuchokera pachikhomo chanucho cha pakona inayo kudutsa pakati mpaka pamanda, mundipatse numeru yake yeniyeni. Iye anaseka, amvekere munda wanuwu mbali zake n'zofanana, ndiye kudula kona ndi kona kumatulutsa raizi ya ziwiri, numeru yoti ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imabala ziwiri. Akuti numeru zili m'makola: zathunthu ngati mbuzi zitatu, zogawika ngati theka la thumba, zongoganizira zomwe pansi pano simungaziponde, ndi zina zamisala zomwe mchira wake sutha, monga yangayi.

"Mukapeza pothera pake, madala, mandawa sitiwakhudza."

Anandiputa dala. Ndinatola khala lalikulu ngati mutu wa ng'ombe, n'kuyamba kulemba patala: imodzi, kadontho, zinayi, imodzi, zinayi, ziwiri, ndikukwawa chafutambuyo kutuluka m'Moatize, makamiyau, malole a malasha, akundizemba, dzuwa la ku Tete likuwotcha mpaka numeru zina zinapsa n'kuzilembanso, sitima inaima masiku awiri kuopa kuponda zisanu ndi zitatu, khala litatha ndinalemba ndi chala, chala chitafupika ndinasinthira china. Mukumva? Ndikulumbira pali Nabanda!

Pokwera mapiri a ku Zóbuè numeru ija inayamba kupuma wefuwefu. Akatolika ankandiponyera mbatesi, Achipulotesitanti nthochi, uku akukangana ngati chopanda mapeto si Mulungu yekha. Pamalire alonda anaifunsa chiphaso, iyo n'kuima kaye, ine khwaa! kuigwira mchira n'kuponya m'thumba.

Ndinabwerera tsiku lomwelo wapansi. Pamunda paja ndinapeza dzenje la mgodi. Msawu kulibe, chikhomo kulibe, enjinyeru anapita kwawo, Nabanda anamunyamula ine kulibe n'kukamuika kumalo atsopano pamzere ndi anthu osawadziwa. Ndinalira, sindibisa.

Mukuti ndikuonetseni numeru yomalizayo? Ndinakaikwirira pamanda atsopano a mkazi wanga, akusunga ndiye. Munda wa ku Malabwe tsopano uli m'khola lija la zongoganizira: papepala ulipo, pansi palibe. Koma ine ndimaulima chaka ndi chaka, ndipo chaka chino mapira achita bwino kuposa anu.